Foni ikazima kumunda, oimba apite kuti?

Amai, mwafunsa kuti ogula nshawa akamaimba foni yanu itazima kumunda ku Vubwi, angayankhidwe bwanji ndi mwana wanu amene ali ku Chipata. Zimatheka, ndipo sizifuna intaneti. Ngakhale kafoni ka mabatani kamachita. Pa foni zina pamalembedwa Call forwarding, pa zina Call divert, koma manambala ndiwo achangu, ndipo ndi amodzimodzi pa Airtel, MTN ndi Zamtel.

Imene mukufuna inu ndi 62. Lembani **62*, kenako nambala ya mwanayo, mutsirize ndi #, n'kudina poimbira. Nambalayo muyambe ndi +260 ndipo muchotse 0 woyamba. Mukatero, foni yanu ikazima kapena ikasowa netiweki, woimba apita kwa mwana, koma ikakhala yoyaka izilira kwa inu monga kale.

Musasokoneze ndi 21. Ambiri amalakwira pamenepa. **21* imatumiza mafoni onse nthawi zonse, yanu osaliranso ngakhale netiweki itadzaza, munthu n'kumaganiza kuti simu yafa. Palinso 67, ya pamene mukulankhula ndi wina, ndi 61, ya pamene ikulira osayankhidwa. Pa 61 mutha kusankha nthawi: **61*nambala**20# idikira masekondi 20. Amaloleza 5, 10, 15, mpaka 30 basi.

Chofunika kumvetsa n'chakuti lamuloli silikhala m'foni, limasungidwa ku kampani ya netiweki. Choncho muchite mudakali pamalo pamene netiweki ikugwira bwino, musanapite kumunda. Ikalemba kuti invalid MMI code, kawirikawiri ndi netiweki yofooka kapena mwaphonya nyenyezi imodzi. Inu a kumalire muyang'anenso dzina la netiweki pamwamba, chifukwa cha ku Mwami ndi ku Vubwi foni imatha kukoka ya ku Malawi. Ngati foni ili ndi masimu awiri, sankhani imene ogula amaidziwa, popeza simu iliyonse imayenda payokha.

Za ndalama musazipeputse. Woimba amalipira monga mwa masiku onse, koma gawo lochoka pa nambala yanu kufika kwa mwana nthawi zambiri limadulidwa kwa inu. Tokotaimu ikatha zimatha kukana, ndiye muzisiyamo kangachepe. Ma SMS, mauthenga a mobile money ndi mafoni a pa WhatsApp satsatira, amatsala pa nambala yanu.

Kuti muone ngati zagwira, imbani *#62#, kenako zimitsani foni wina ayese kukuimbirani. Mukapezapo nambala yachilendo musanaike yanu, musaope, nthawi zambiri imakhala ya voicemail ya kampani. Kuchotsa ndi ##62#, kufufuta zonse pamodzi ndi ##002#.

Ndipo chonde, munthu wosamudziwa akakuuzani kuti mulembe **21* ndi nambala yake, kanani, ngakhale anene kuti ndi wa kukampani. Akufuna mafoni anu azigwera kwa iye, kuphatikizapo ija imene WhatsApp imaimba potchula manambala achinsinsi olowera.