Namwino wa pafoni amugwira bwanji mwana?

FUNSO: Anamwino, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala kumapiri ku Ntchisi. Kuchipatala ndi maola awiri ndi theka wapansi, ndipo mvula ikagwa akabaza amakweza mtengo. Mwezi watha mwana wanga wa chaka ndi miyezi inayi anatentha thupi usiku. Mnzanga anati ndiimbe ku Chipatala Cha Pa Foni, koma apongozi anaseka, amvekere: “Dokotala wa pafoniyo amugwira bwanji mwanayo?” Bambo a kunyumba nawo akuti ndi njira yongotidyera mayunitsi. Ndinangosiya. Kodi n'zothandizadi?
Mayi wodandaula, Ntchisi

YANKHO: Amayi, ndiyambe ndi abambowo, poti nkhani yawo ndi yaifupi. Nambala yake ndi 929 ndipo ndi yaulere. Akale amakumbukira nambala yoyamba ija, 54747. Ntchitoyi inayambira ku Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach, poyamba ya amayi oyembekezera ndi ana, koma pano inafika dziko lonse ndipo ili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Amene amayankha ndi anthu amene anaphunzira zachipatala.

Apongozi anuwo sananame kwenikweni. Foni siibaya chala. Malungo amadziwika poyeza magazi, ndipo munthu wina aliyense akakuuzani pafoni kuti “ndi malungo amenewo, gulani LA,” dulani foniyo. Inetu ndagwira ntchito m'zipatala zazing'ono zaka zambiri, koma sindinayezepo mwana ndi khutu.

Koma taganizani za usiku uja. Chimene chinkakuvutani si dzina la matenda ayi. Munkafuna kudziwa ngati mudzutse wakabaza pompo kapena mudikire kuche. Apa ndi pamene foni imagwira ntchito, chifukwa manja ndi maso a namwinoyo mumakhala inuyo. Adzakufunsani: kodi akuyamwa kapena kumwa? Akusanza chilichonse chimene mwampatsa? Wakomoka? Akudzuka mukamugwedeza, kapena wangoti lefu? Adzakuuzani kuti mumuvule malaya, muunike ndi tochi, muone ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati akamakoka mpweya. Werengani kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu ali phee, osati akulira. Pa msinkhu wa wanuyo, kufika ka 40 ndiye kuti akupuma mothamanga, mwina ndi chibayo. Kwa khanda la miyezi iwiri mpaka 11 malire ake ndi 50. Mwana wokomoka, wolefuka, wokana bere, wosanza zonse kapena wa nthiti zolowa m'kati, musadikirenso tambala, ngakhale ndalama ya kabaza ikhale yokongola.

Ndimakumbukira mayi wina amene anafika mbandakucha atabereka mwana, miyendo ili matope okhaokha. Mwanayo anali atayamba kukana bere dzana lake. Nditafunsa chimene anachedwera, anati aliyense pamudzi ankanena zake, wina mano, wina liwombo. Foni anali nayo m'nsalu momwemo.

Chinanso, namwino wa pafoni angakukumbutseni za thandizo limene lili pafupi. Madera ambiri otalikira chipatala ali ndi kiliniki ya m'mudzi, kumene alangizi a zaumoyo amayeza malungo ndi kupereka mankhwala kwa ana osakwana zaka zisanu. Fufuzani masiku amene yanuyo imatsegula. Pa kutsegula m'mimba adzakulongosolerani kasungunulidwe ka Thanzi, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino, uku mukukonzekera ulendo.

Poimba khalani ndi kabuku ka kuchipatala ka mwanayo pafupi, ndipo nenani zonse zimene mwampatsa, ngakhale zitsamba za agogo ake. Netiweki ya kumapiri kwanuko ndikuidziwa, ndiye pezeranitu masana pachulu pamene imagwira bwino.

Apongoziwo musalimbane nawo. Tsiku lina akadzadandaula mawondo, muwaimbire 929, muwapatse foni alankhule okha.