Zithunzi 60 za ku Senga Bay: yankho kwa mayi amene anafunsa za plugin

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Senga Bay. Iwo ndi bambo a kunyumba kwawo ali ndi malo ogona alendo a zipinda zisanu ndi chimodzi, ndipo mwana wa achemwali awo ndiye anawapangira webusaiti pa WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti, asanabwerere kusukulu ku Lilongwe. Analemba motere:

"Achimwene, ndaikapo zithunzi 60, za zipinda, za kunyanja ndi za chakudya. Zangondandalikana china pansi pa chinzake ndipo tsamba likumachedwa kutseguka. Mlendo wina wandiuza kuti anadikira mpaka kutopa, n'kutseka. Kwa anzathu ena ndimaona tizithunzi ting'onoting'ono, ukadina kamodzi kamakula, kumbuyo konse n'kuda. Chimenechi amachitcha chiyani? Nanga ndiike plugin iti?"

Mayi, zikomo pondilembera, ndiponso pondilola kuyankha pano kuti ena amve nawo. Funso lomweli andifunsapo ojambula maukwati, osema ziboliboli a mumsewu wopita kwanuko, ngakhale a mipingo.

Chimene munaonacho ndi zinthu ziwiri zoyendera limodzi. Tizithunzi tosanjidwa m'mizere tija ndi gallery. Kukula kuja, chithunzi n'kudzaza sikirini kumbuyo kutada, ndiye lightbox. Dzinali linachokera kwa ojambula akale, amene ankaika mafilimu awo pa kabokosi kowala kuti awaone bwino. Pa intaneti linafala kuyambira mu 2005, pomwe Lokesh Dhakar anatulutsa kapulogalamu kake kotchedwa Lightbox, ndipo lero chilichonse chochita ntchito yofanana nayo anthu amangochitcha dzina lomwelo.

Kumbukirani amayi ogulitsa zitenje pa Kamuzu Road. Satambasula katundu yense. Amapinda zitenjezo n'kuzisanja, inu mumangoona kachigawo ka maluwa a chilichonse. Mukaloza chimodzi amachisolola n'kuchitambasula pamaso panu, mukapukusa mutu amachipinda n'kutenga china. Gallery ndi zitenje zopindazo, lightbox ndi kutambasula kuja. Panopa tsamba lanu layala zitenje zonse 60 pansi nthawi imodzi, ndipo amene akulipira kuyalako ndi mlendo, ndi bandulo yake.

Apa ndipo ndikufuna tichedwepo, chifukwa plugin, kapulogalamu kowonjezera ntchito pa WordPress, payokha siithetsa vuto lanu. Ndinatsegula webusaiti yanu pa foni ndili kuno ku boma, ndipo nditapukusira pansi ndinakhala ndikuyang'ana mabokosi opanda kanthu kwa kanthawi ndithu. Chithunzi cha chambo chowotcha chija chinkatuluka pang'onopang'ono kuyambira kumwamba: kaye m'mphepete mwa mbale, kenako ndimu, nsomba yeniyeniyo pamapeto. Zithunzi zanu n'zolemera. Chithunzi chochokera mu foni ya masiku ano chimakhala cha 3 MB kapena 5 MB, m'lifupi mwake mapixel 4000. Kuyambira mu 2019 WordPress imachepetsa yokha chithunzi chilichonse chopitirira mapixel 2560, koma ngakhale chitatero chikhoza kukhalabe pafupi ndi 1 MB. Tiyerekeze kuti chilichonse ndi 1 MB. Ndiye kuti munthu wofuna kungoona ngati chipinda chili ndi neti ya udzudzu ataya 60 MB akafika kumapeto kwa tsamba. Mlendo wa ku Blantyre amene akuona zimenezi ali m'minibasi sangapirire, ndipo sindingamuimbe mlandu.

Choncho musanaike plugin iliyonse, chepetsani zithunzizo. Pali chida chaulere cha Google chotchedwa Squoosh, chimagwira mu burawuza ngakhale pa foni, ndipo ntchito yonse imachitikira mu foni mwanu momwemo, chithunzi sichitumizidwa kwina. Ikani chithunzi, mbali yaitali muichepetse ifike mapixel 1600, musankhe mtundu wa fayilo wotchedwa WebP, ubwino wake muusiye cha pa 75. Kawirikawiri chimatsika kufika pakati pa 150 KB ndi 300 KB, ndipo diso silimaona kusiyana pa foni. WordPress inayamba kulandira WebP mu 2021, ndiye sizikuvutani. Squoosh imachepetsa chithunzi chimodzi pa nthawi, koma ndi ntchito ya madzulo amodzi. Zithunzi zoyambirira zija musazifufute, zisungeni pa kompyuta kapena pa fulashi, mudzazifuna tsiku losindikiza chikwangwani.

Palinso cholakwa cha mbali inayo. Zithunzi zinayi za bafa zikuoneka kuti zinadutsa pa WhatsApp. WhatsApp imafinya zithunzi, ndipo zikakhala zazing'ono simuona vuto, koma lightbox ikazikulitsa matailosi amaoneka ngati apakidwa phala. Wina akamakutumizirani chithunzi cha pa webusaiti, muuzeni atumize ngati Document.

Tsopano mawu amene mwina simuwakonda: 60 n'zochuluka. Ndinawerenga zithunzi 11 za dzuwa likutuluka panyanja. Zonse n'zokongola, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake dzanja likukana kuchotsako. Koma mlendo akufuna kudziwa bedi ndi lotani, bafa ndi loyera bwanji, galimoto aimika pati, nyanja ili patali bwanji kuchokera pakhomo, ndipo adya chiyani. Sankhani 20 kapena 24, muzigawe patatu: zipinda, nyanja, chakudya. Tizithunzi ta gallery ta mapixel 300 timalemera mwina 30 KB kalikonse, ndiye 20 tonse pamodzi sitifika n'komwe 1 MB. Chachikulucho chimabwera pokhapokha munthu akachidina. Phindu lenileni la lightbox kwa ife kuno ndi limeneli, kuti munthu amalipirira chithunzi chimene wachifuna yekha.

Tibwere ku funso lanu. Choyamba lowani mu Dashboard, tsamba loyendetsera webusaiti yanu, muone ngati kumanzere kuli mawu akuti Plugins ndipo akukulolani kuikamo yatsopano. Ngati webusaiti ili pa WordPress.com yaulere, sizitheka. Poona adiresi yanu ndikukhulupirira kuti mwanayo anakuikirani pa hosting yolipira, kutanthauza malo osungirapo webusaiti, ndiye tili bwino. Pomwepo muonenso nambala ya WordPress yanu. Kuyambira pa 6.4, imene inatuluka mu Novembala 2023, WordPress ili ndi lightbox yakeyake. Mumaika zithunzi mu Gallery block, kachigawo kosanjira zithunzi pa tsamba, n'kusankha Expand on click, kwina amalemba Enlarge on click. Kwa munthu wa zithunzi zisanu ndingati basi, ingogwiritsani imeneyo. Koma momwe inabwerera, inkangokulitsa chimodzi, ukachitseka n'kudinanso china, popanda mivi yopitira kutsogolo. Alendo anu anazolowera Facebook, chala chimangofuna kukankhira kumanzere. Ngati yanu ikadali yotero, kwa inu plugin ikufunikadi.

Ma plugin a ntchitoyi ali mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake n'kofunika kuposa mayina. Mtundu woyamba umakupangirani gallery yakeyake pamodzi ndi lightbox. M'gulu limeneli muli NextGEN Gallery, yakale kwambiri, inayamba mu 2007, komanso Envira Gallery, FooGallery ndi Modula. Zonse zili ndi mtundu waulere ndi wolipira. NextGEN ndi ya munthu wa zithunzi zikwizikwi, monga wojambula maukwati. Kwa zipinda zisanu ndi chimodzi ili ngati kubwereka lole kuti mukatenge thumba limodzi la makala. Mtundu wachiwiri sukhudza gallery, umangowonjezera lightbox pa gallery ya WordPress imene muli nayo kale. Zitsanzo ndi Simple Lightbox ndi Responsive Lightbox & Gallery, ngakhale yachiwiriyi ilinso ndi gallery yakeyake kwa woifuna.

Ine ndingakusankhireni mtundu wachiwiriwu, ndipo chifukwa changa ndi ichi. Ma plugin amafa. Mwini wake amatopa, kapena amagulitsa, kapena amayamba kulipiritsa zimene zinali zaulere. Ngati gallery yanu inamangidwa mkati mwa plugin, tsiku loichotsa patsamba pamangotsala kamzere ka zilembo zosamveka pamalo pomwe panali zithunzi, ndipo muyambiranso kusanja. Koma ngati gallery ndi ya WordPress yomwe, mukachotsa plugin zithunzi zonse zimakhalabe m'mizere yake, chimangosowa ndi kukula kuja. Inu mulibe munthu wa makompyuta pafupi tsiku ndi tsiku, mwanayo ali kusukulu. Mukufunika chinthu choti chikawonongeka chisagwetse nyumba yonse.

Kaikidwe kake n'kosavuta. Sungani kaye kope la webusaiti yonse, UpdraftPlus imachita zimenezi mwaulere. Kenako pitani pa Plugins, dinani powonjezera yatsopano, lembani Responsive Lightbox & Gallery. Musanadine Install Now, onani pomwe alemba tsiku limene inakonzedwa komaliza. Plugin imene yatha zaka ziwiri osakhudzidwa ndimaisiya, kaya ikongole bwanji. Mukatha dinani Activate. M'makonzedwe ake muli mitundu ingapo ya lightbox yoti musankhepo, sankhani SwipeBox, chifukwa imalola kukankha ndi chala pa foni. Ndiye pali kanthu kamodzi kamene kamasokoneza anthu ambiri: mu Gallery block, pa Link to, musankhe Media File. Mukapanda kutero mudzadina chithunzi mpaka chala kuwawa, osakula, n'kumaganiza kuti plugin ndi yakufa. Plugin imafuna kudziwa komwe kuli chithunzi chachikulu, ndipo ulalo umenewo ndiwo umaiuza.

Samalani kuti lightbox ikhale imodzi yokha. Ma theme ena, omwe ndi maonekedwe a webusaiti, amabwera ndi yawo, plugin ya Elementor ili ndi yake, ya Jetpack nayonso ili ndi yotchedwa Carousel. Chaka chatha ndinathandiza bambo wina wa ku Nkhotakota amene amagulitsa mpunga ndi nsomba zouma. Ukadina chithunzi chinkatseguka kawiri, china pamwamba pa chinzake, ukatseka choyamba n'kupeza chachiwiri chikukudikira. Iye ankaganiza kuti ndi vairasi. Zinali lightbox ziwiri zikulimbirana ntchito imodzi, ndipo titazimitsa imodzi zonse zinakhala bwino. Inunso mukaika plugin, Expand on click ija muisiye yozimitsa.

Chimene ndikuchondererani kwambiri ndi ichi: wina akadzabwera ndi fulashi n'kunena kuti ali ndi plugin yolipira koma akupatsani yaulere kapena pa mtengo wozizira, mukane. Zimenezo amazitcha nulled, ndipo nthawi zambiri mumakhala mutabisidwa zoipa. Ndinaonapo webusaiti ya kabungwe kena kothandiza ana itadzaza maulalo a juga chifukwa cha zotere, eni ake osadziwa kwa miyezi, mpaka wina wowathandiza wa kunja ndiye anawafunsa. Kuyeretsako kunatenga masiku, ndipo manyazi anatenga nthawi yaitali kuposa pamenepo. Yaulere ya m'nkhokwe ya WordPress ikukwanirani.

Za lazy loading mudzaziona zikutchulidwa ngati chinthu chapamwamba choti mugule. WordPress imachita kale yokha kuyambira mu 2020: chithunzi chapansi sichitsitsidwa mpaka munthu atayandikira pomwe chili.

Pa chithunzi chilichonse lembani mawu awiri atatu. Panopa zanu zili ndi mayina a manambala ochokera mu kamera. Pa Caption lembani zoti mlendo awerenge chithunzi chikakula, monga kuti ichi ndi chipinda cha anthu awiri, zenera loyang'ana kunyanja. Pa Alt text fotokozani chimene chili pachithunzicho. Mawu amenewa ndi amene amawerengeredwa anthu osaona ndi mapulogalamu awo, ndi amene amaoneka netiweki ikakana kubweretsa chithunzi, ndiponso Google imawagwiritsa ntchito. Poti alendo anu ena ndi akunja, lembani m'chilankhulo chimene webusaiti yonse yalembedwa.

Pali zithunzi ziwiri zimene ndingakupempheni muziganizirenso. China chili ndi ana akusambira, nkhope zikuoneka bwinobwino. China ndi cha alendo awiri akudya pakhonde. Pa tsamba lakale zinali zobisika pakati pa 60, koma lightbox idzazikulitsa mpaka kudzaza sikirini. Ngati makolo a anawo ndi alendowo simunawapemphe, zichotseni. Munthu amabwera kunyanja kudzapuma, ndipo si aliyense amene akufuna dziko lidziwe kuti anali kuti, ndi ndani. Asodzi nawonso ndi bwino kuwapempha musanawajambule pafupi.

Mukamaliza musayesere pa kompyuta yokha. Zimitsani WiFi, tengani foni yotchipa ya mmodzi wa antchito anu, mupite nayo kuseri kwa khitchini komwe netiweki imavuta. Tsegulani tsambalo, dinani chithunzi, kankhani ndi chala, kenako yesani kutseka ndi chala chachikulu cha dzanja limodzi. Ngati kachizindikiro kotsekera n'kakang'ono moti mukuphonya, sinthani mtundu wa lightbox m'makonzedwe muja.

Pa zithunzi 11 za m'mawa zija, pali chimodzi chimene bwato lili kumanzere, msodzi ataimirira ndi nkhafi, chilumba cha Namalenje chikuoneka chakuda kumbuyo kwake, madzi ali phee. Nkhope yake siikuoneka, ndiye palibe vuto. Chimenecho chikhale choyamba mu gallery ya nyanja. Mukasanja zonse mundilembere, ndidzatsegulanso pa foni yomwe ija ndili pamalo omwe aja, tione ngati chambo chija chidzabwere chonse nthawi imodzi.