Amuna anga anali abwino nthawi ya korona

Ambuya,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chilenje mu Lusaka. Amuna anga amagwira ntchito pa hotela ina m'tauni. Korona itafika mu March 2020 alendo anasiya kubwera, iwo n'kuuzidwa kuti ayambe akhala kunyumba, malipiro atadulidwa pakati. Mabala anatsekedwa, mpira wa ku England unaima, ana nawonso anali pakhomo.

Ambuya, chikwatiwireni sindinaonepo mtendere ngati wa nthawi imeneyo. Analima kadimba kuseri kwa nyumba, repu ndi chibwabwa, akumathirira ndi madzi otsala pochapa. Malaiti akapita tinkazungulira mbaula tonse, iwo akuotcha mbatata uku akusimbira ana nthano za kwawo ku Katete. Mwana wathu wachiwiri anaphunzira kuwerenga atakhala pamiyendo pawo.

Lero zonse zinabwerera mwakale. Akaweruka amayamba adutsa kwa anzawo, amafika ana atagona. Loweruka ndi la mpira. Kadimba kaja kanauma. Ndikawakumbutsa amati, "Kodi ufuna matenda abwerenso?" Ndiye ndimachita manyazi, poti amalume anga anapita ndi korona yomweyo mu July 2021, ndipo pamaliro pawo sitinagone n'komwe. Inenso kuyambira nthawi ija sindituluka kwenikweni. Chilimba chosonkherana ndalama ndi anzanga ndinasiya, kwaya ndinasiya. Kodi ndikulakwa kulakalaka masiku aja? Nanga ndichite bwanji?

Amake Chisomo, Chilenje

Amake Chisomo,

Simukulakwa, ndipo manyaziwo achotseni. Amalume anu sanafe chifukwa inu munkaseka pambaula. Miyezi ya June ndi July 2021 inali yowawa mu Lusaka muno: zipatala za UTH ndi Levy Mwanawasa zinadzaza, mpweya wa okosijeni unkasowa, ku manda a Leopards Hill anthu ankangoika maliro mothamanga n'kubalalika. Zonsezo zinachitikadi. Kuti mwana wanu anaphunzira kuwerenga pamiyendo ya atate ake, nazonso zinachitikadi. China sichifafaniza chinzake.

Koma ndikufunseni. Masiku amene inu mumawakumbukira ndi chimwemwe, bambo a Chisomo amawakumbukira bwanji? Munawafunsapo? Mwamuna amene malipiro ake adulidwa pakati, lendi ikumudikira, mtengo wa unga ukukwera, kwacha ikugwa tsiku ndi tsiku monga inkachitira mu 2020, sagona tulo ngakhale masana aziseka ndi ana. Mwina kadimba kamene inu munkakaona ngati chikondi, iwo ankakalima ndi mantha oti mawa ndiwo zisowa. Ndiye mukamati "nthawi ya korona munali abwino", m'makutu mwawo zimamveka ngati mukuti ankakoma pamene anali wosowa chochita, m'thumba mulibe kanthu. N'chifukwa chake amakuyankhani mokalipa chonchija. Walira mvula walira matope, mwanangu, ndipo matope a nthawi ija ambiri anaponda ndi iwowo.

Sindikuwaikira kumbuyo ayi. Bambo wofika ana atagona sabata yonse akulakwira ana ake, ndipo mpira sunalerepo mwana wa munthu. Ndikungoti njira imene mukulowera ndi yotseka. Mawu oti korona asiyeni kaye. Musapemphe kuti moyo wonse wa 2020 ubwerere, chifukwa sungabwerere: sukulu zinatsegulidwa zonse mu September chaka chomwecho, mahotela anadzazanso, ndipo munthu wodikira basi pa Kulima Tower madzulo safika kunyumba ndi mphamvu zosimba nthano tsiku lililonse. Sankhani chinthu chimodzi chokha, chooneka ndi maso, chokhala ndi tsiku lake. Kaya ndi nsima ya Lachitatu madzulo, nonse pamodzi, mafoni ali kuchipinda. Kaya ndi Lamlungu mukachoka kutchalitchi. Loweruka asiyireni, musalimbane nalo pakali pano; mukayamba ndi kulanda mpira mwaluza mlandu musanaunene.

Ndipo polankhula musawadikire pakhomo usiku atamwa, nkhope mutakwinya. Apezeni m'mawa wa tsiku limene sapita kuntchito, tiyi ali m'manja. Auzeni zimene munandiuza inezi, za mwana uja ndi kuwerenga kwake. Amuna ambiri sadziwa kuti pali chimene anachita bwino pakhomo, poti amangomva za zimene alephera. Za kadimba, gulani mbewu ya repu ya makwacha ochepa, mupatse mwana wachiwiriyo akawafunse atate ake kuti amuonetse kafesedwe. Mwana akapempha, bambo amavutika kukana kusiyana ndi mmene amakanira mkazi wake. Akakana, limani ndi anawo, osanyogodola.

Tsopano ndibwere kwa inu, chifukwa mzere umene wandikhudza kwambiri m'kalata yanu ndi uja mwaulemba mothamanga kumapeto. Chilimba munasiya, kwaya munasiya. Amuna anu anatuluka m'nyumba zitseko zitatsegulidwa, inu munatsalira momwemo. Tsiku lonse mumayembekeza munthu mmodzi kuti akubweretsereni nkhani, kuseka ndi chisangalalo, ndipo akachedwa ola limodzi kwa inu limatalika ngati usiku wonse. Katundu ameneyo ndi wolemera kwa mwamuna aliyense, ngakhale wabwino.

Ndikuganiza kuti maliro a amalume anu aja sanathe mumtima mwanu. Kwathu timalira pamodzi, timagona pa nyumba ya maliro, timaimba mpaka kucha, ndipo m'mene timabalalika mtima umakhala utapepukako. Nthawi ija boma linachepetsa chiwerengero cha anthu pamaliro, ambiri analira okhaokha m'nyumba zawo, ena pa WhatsApp. Ngati mwala wa pamanda sunaikidwe, kambiranani ndi abale kuti pa tsiku louvundukula mukasonkhane mokwanira, muimbe nyimbo zimene simunaimbe. Ngati unaikidwa kale, pitani ndi azakhali anu kapena amayi a kutchalitchi mukaone manda, mulire momasuka. Mukaona kuti mantha otuluka panja sakutha, mtima ukugunda mukakhala pagulu, tulo tikusowa, kalankhuleni ndi anamwino pa chipatala cha Chilenje pomwepo, akuuzani kopeza aphungu. Si misala, ndipo simuli nokha amene zinakugwirani chonchi.

Kwaya bwererani sabata ino. Chilimba funsani ngati malo alipo mwezi wamawa. Tsiku la kwaya auzeni bambo a Chisomo kuti mufika mochedwa, ana akhala ndi iwo, ndiwo zili mumphika.

Ankhoswe musawaitane kaye, nkhaniyi sinafike pamenepo. Koma ngati kuchedwa kwawoko kwayamba kudya ndalama ya unga ndi ya sukulu, kapena mwaona zizindikiro zoti kumene amachedwako si kumpira kokha, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo mundilemberenso.

Ambuya