Kachere wa m'kambale akuyoyoka masamba

Mayi ena a ku Chilomoni andilembera pa imelo. Ali ndi bonsai ya kachere, timitengo tija tokulira m'kambale tomwe a ku Japan anatchuka nato. Masamba achita chikasu, akuyoyoka, ndipo akathirira, madzi amangodikha pamwamba. Akufunsa ngati athire feteleza.

Mayi, feteleza ayi. Mtengo wanuwo si njala, ukubanika. Madzi akamadikha ndiye kuti mizu yadzaza mbale, kapena dothi ndi lamakande ndipo lagwirana. Mizu imafuna mpweya. Ikakhalitsa m'chinyontho imaola, ndipo feteleza angoimaliza.

Yambani mwakanda khungwa ndi chikhadabo. Mkati mukakhala mobiriwira, moyo ulipo.

Kachere amakonda kotentha, choncho musamuzule mu June kapena July chiperoni chikuwaza. Dikirani September, kukayamba kufunda. Koma ngati dothi likununkha kale, zodikira zisiyeni.

Mukatulutsa mtengowo m'mbale, takasani dothi ndi kamtengo kosongola, modekha, kuchokera kuthunthu kupita kunja. Apa mpofunika maso. Muzu wamoyo umakhala wolimba, woyererako. Woola ndi wakuda, wofewa, ndipo mukaukoka khungu lake limasupuka n'kutsala kaulusi. Yoolayo dulani yonse ndi sizasi yakuthwa, yoyera. Yamoyo, alimi a bonsai amati osadula kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu. Ine pa mtengo wodwala sindifika n'komwe pamenepo.

Ku Japan amabzala mu akadama, timibulu ta dongo louma. Musavutike kusakasaka. Phwanyani njerwa yootcha, musefe, mutsale ndi timiyala tonga njere za mphodza. Fumbi lake tayani, chifukwa ndi lomwe limatseka mpweya. Sakanizani ndi mchenga wokhakhala wa kumtsinje, wotsuka, komanso makungwa a paini oolerana, milingo yofanana. Mbale ndi yomweyo, bola ikhale ndi mabowo pansi. Ikanipo kaneti, ndipo mtengowo muumange ndi waya kudzera m'mabowomo kuti mphepo isamaugwedeze.

Thirirani mpaka madzi atuluke pansi ali oyera, kenako muuike pakhonde pamthunzi masabata 3. Pabalaza musauike, kuwala kumachepa. Feteleza adikire masabata 6, mphukira zitaoneka.

Zothirira poyendera kalendala zithe. Pisani chala m'dothi: likauma pamwamba, thirani. Mu October, dzuwa la mu Blantyre muno likakwiya, kambale kotere kamatha kuuma kawiri pa tsiku.