Smoothie ya tiyi wobiriwira ikuwawa ngati ndulu? Vuto lili m'ketulo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chilenje. Ndingoifupikitsa. Anagula blenda ndi paketi ya tiyi wobiriwira, uja ambiri timangoti green tea, chifukwa anzawo a kuntchito anawauza kuti smoothie yake, chakumwa chogaya pamodzi ndi zipatso, imasungunula mafuta a pamimba. Ayesa katatu, ndipo katatu konseko yatuluka yowawa ngati ndulu, mpaka ayamba kuthiramo masupuni anayi a shuga kuti imezeke. Akufunsa kuti akulakwitsa pati, komanso ngati mimba yomwe inatsala atabereka mwana wachitatu idzaphwadi.

Amayi, zikomo polemba. Ndiyamba ndi kuwawako, chifukwa ndi kumene kwakukakamizani kuthira shuga, ndipo shugayo ndiye akugwetsa ntchito yonse.

Ine ndikukayikira ketulo yanu. Tonse tinakula ndi tiyi wakuda, wa ku Kawambwa kapena wa ku Thyolo ndi ku Mulanje. Ameneyu ndi wopirira: masamba m'poto, madzi abwate mpaka afiire, mkaka, shuga, basi. Dzanja lathu linazolowera choncho. Tiyi wobiriwira amachokera ku mtengo womwewo, wotchedwa Camellia sinensis, koma masamba ake akangothyoledwa amatenthetsedwa msanga kuti asade, ku Japan ndi nthunzi, ku China powakazinga. Tsamba lotere silifuna madzi obwata. Mukaliwiritsa, kapena kulisiya m'madzi mphindi 10 inu muli kalikiliki kuveka ana mayunifomu, limatulutsa kuwawa konse kumene linasunga.

Madzi ake azikhala pakati pa madigiri 70 ndi 80. Palibe wa ife amene ali ndi choyezera kutentha m'khitchini, ndiye nayi njira yanga. Kuno ku Lusaka tili pamwamba, mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho madzi athu amawira pa madigiri 96 kapena cha pamenepo, safika 100. Tengani kapu yanu, yambani mwathira madzi ozizira omwe munawiritsa kale, gawo limodzi mwa magawo anayi a kapuyo, kenako dzazani ndi a m'ketulo. Mukatero mwagwera pafupi ndi 78. Ikani kathumba kamodzi ka tiyi, werengani mphindi ziwiri, zikachuluka zitatu, ndi kukavuula. Musakafinye ndi supuni. Ndikudziwa, mtima umati ndagula ndi ndalama, ndifinye mpaka dontho lomaliza, koma dontho lomalizalo ndiye ndulu yeniyeniyo.

Njira ina, yomwe ine ndimaikonda kuposa yoyambayo, ndi yosatenthetsa n'komwe. Usiku ndimaika timatumba tiwiri m'botolo la theka la lita la madzi owiritsa ozizira, n'kuliika m'firiji. Kukacha, patapita maola 6 kapena 8, tiyi uja amakhala wofewa kukamwa, wonunkhira ngati udzu womweta kumene, ndipo ndi wozizira kale. Izi zimathandiza, chifukwa tiyi wotentha saikidwa m'blenda pamodzi ndi nthochi ndi yogati. Ndinayesapo tsiku lina ndikuthamangira minibasi. Nthunzi inakankha chivundikiro, khoma langa linasanduka lobiriwira, ndipo chimene chinatsala mu jagi chinali ngati phala lopsa.

Tsopano zothiramo. Pa munthu mmodzi: kapu imodzi ya tiyi wozizira uja, nthochi imodzi yakupsa bwino, peyala gawo limodzi mwa anayi, ndi theka la kapu ya yogati wopanda shuga kapena mabisi (mkaka wowawasa). Gayani mpaka zisalale. Nthochi ndiye shuga wanu, ndiye musankhe zija zamawangamawanga zimene amayi a pa Soweto Market amatsitsa mtengo madzulo poopa kuti mawa ziola. Zosendeni, muziduledule, muzisunge mufiriza. Nthochi youma ndi chisanu imalimbitsa smoothie popanda kuthira ayezi. Peyala ndi lomwe limapangitsa kuti mukhute mpaka masana. Popanda ilo, pofika 10 koloko mudzakhala muli pa kantemba kufunsa vitumbuwa.

Mango akafika mu Novembala ndi Disembala, chotsani theka la nthochi muike mango. Chinanazi cha ku Mwinilunga nachonso chimagwirizana ndi tiyiyu, kungoti chikakhalitsa ndi mkaka chimauwawitsa, ndiye mukachiika muzimwa pompo.

Koma chomwe ndimanyadira kwambiri ndi malambe, amene kuno timawagula ndi dzina loti mabuyu. Ufa wa malambe uli ndi vitamini C wambiri, ndipo kuwawasa kwake kumaphimba kakuwawa kotsalira ka tiyi kuposa mmene shuga amachitira. Viikani nthanga zodzaza dzanja m'madzi pang'ono kwa theka la ola, tikitani ndi supuni, sefani, ndipo thirani masupuni awiri kapena atatu a phalaphala loyeralo. Azungu amagula ufa womwewu m'timapaketi pa mtengo wodula, ife tili ana ku Chipata tinkangomung'unya pobwera ku sukulu n'kulavula nthanga m'njira. Mukasowa malambe, finyirani ndimu pang'ono.

Za masamba obiriwira aja mumaona pa zithunzi za pa intaneti, ine maganizo anga ndi akuti zisiyeni. Chibwabwa chosaphika chimakanda pakhosi, repu wamuwisi amabweretsanso kuwawa komwe tikuthawa. Ndiwo zamasamba tidye ndi nsima, zothira nsinjiro, monga tidyera kale. Ngati mwaumirira, tengani sipinachi wochepa, mumutsuke ndi madzi otetezeka, mumuviike m'madzi owira kanthawi kochepa. Sitinaiwale kolera ya 2023 mpaka 2024, pamene bwalo la National Heroes Stadium linasanduka chipatala. Smoothie siphikidwa, kotero madzi, ayezi, mpeni ndi manja zonse zikhale zoyera.

Magetsi akathima, monga tinazunzikira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, musati lero palibe. Phwanyani nthochi ndi peyala ndi foloko m'mbale mpaka zikhale ngati phala la mwana, thirani m'botolo lakukamwa kwakukulu pamodzi ndi tiyi ndi mabisi, tsekani, khutchumulani mwamphamvu. Timibulu timatsalako, koma imamweka.

Tibwere ku funso lanu lachiwiri, la mimba. Amayi, sindikunamizani: tiyi wobiriwira sasungunula mafuta. Mu 2012 bungwe la Cochrane, lomwe ntchito yake ndi kusonkhanitsa ndi kuunika kafukufuku wa zaumoyo, linaona zotsatira za anthu onenepa amene ankamwa zinthu zopangidwa ndi tiyiyu, ndipo linapeza kuti kutsika kwa thupi kunali kochepa kwambiri moti sikungasinthe kanthu pa umoyo wa munthu. Palibenso chakumwa chimene chimasankha kuti chichotse mafuta pamimba pokha n'kusiya pena.

Pomwe smoothie ingakuthandizeni ndi pa chimene ikulowa m'malo mwake. Ngati m'mawa mumamwa tiyi wa masupuni atatu a shuga ndi mabanzi awiri opaka majarini, n'kusintha kuyamba kumwa kapu iyi yokha, pamenepo mwapindula. Koma ngati mukumwa smoothie n'kudyanso mabanzi aja, mwangoonjezera chakudya. Ndipo masupuni anayi a shuga amene munatchula aja tiwawerenge. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, mu 2015 linalangiza kuti shuga wothira asapose pafupifupi magalamu 50 patsiku kwa munthu wamkulu, ndiye kuti masupuni a tiyi 12, ndipo linati ndi bwino koposa kukhala pansi pa magalamu 25, masupuni 6. Inu anayi mwamaliza dzuwa lisanakwere. Wina akuuzani kuti thirani uchi m'malo mwake. Uchi wathu wa ku North-Western ndi wokoma zedi, koma pa chiwerengero cha WHO uchi ndi shuga yemweyo.

Pali zina ziwiri zoti musamale nazo. Tiyi, wakuda kaya wobiriwira, amalepheretsa thupi kuyamwa bwino ayironi wochokera ku nyemba ndi masamba. Inu mwabereka katatu. Ngati kuchipatala anakuuzanipo kuti magazi ndi ochepa, kapena mukumwa mapiritsi oonjezera magazi aja amapereka ku sikelo, siyanitsani tiyiyu ndi chakudya kapena mapiritsiwo ndi ola limodzi kapena awiri. Vitamini C wa m'malambe amathandizako, koma musadalire iye yekha. Chachiwiri ndi caffeine, chinthu cha m'tiyi ndi khofi chimene chimathamangitsa tulo. Kapu ya tiyi wobiriwira imakhala ndi mamiligalamu 30 kapena cha pamenepo, pamene ya khofi imayandikira 100. Si wambiri, komabe oyembekezera amalangizidwa kusaposa 200 patsiku kuphatikiza tiyi, khofi ndi zakumwa za kola, ndipo ngati tulo timakuvutani musamwe madzulo. Ana aang'ono apangireni yawo ndi mkaka, popanda tiyi.

Chimene ndikuopa kwambiri ndi chakuti anzanu a kuntchito aja, mimba ikapanda kuphwa, akulozerani timabokosi ta tiyi wochepetsa thupi ndi makapisozi amene akugulitsidwa pa WhatsApp. Ambiri mwa matiyi otere amakhala ndi senna, mankhwala otsegula m'mimba. Sikelo imatsikadi masiku awiri, koma chomwe chachoka ndi madzi. Makapisozi a green tea nawonso si ofanana ndi kapu ya tiyi. Mu 2018 bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, la EFSA, linanena kuti EGCG, chinthu china champhamvu cha m'tiyiyu, akafika mamiligalamu 800 patsiku kudzera m'makapisozi amatha kuvulaza chiwindi, pamene tiyi wofulula mwa nthawi zonse linati alibe vuto.

Chomaliza, musapange yambiri kuti musungire mawa. Nthochi ndi peyala zikagayidwa zimada msanga, ndipo ndi kutentha kwa mu Okutobala kuno, botolo la mabisi likakhala m'chikwama kuchokera ku Chilenje mpaka m'tauni limafika litatupa. Chosungira mawa ndi tiyi yekha, m'firiji, osapitirira masiku awiri. Zina zonse muzigaya m'mawa womwewo, ndipo mulawe kaye musanatambasule dzanja ku chitini cha shuga.