Tiwathokoze bwanji aja anatiolotsa pa bwato?

Azakhali,
Ndine mlembi wa gulu la amayi pa mpingo wathu kuno kwa Mlolo, m'boma la Nsanje. Madzi a namondwe wa Freddy atatizinga mu Malichi 2023, bambo wina wa m'mudzi mwathu anakhalira kuolotsa anthu pa bwato lake usiku ndi usana, osalipiritsa. Palinso mayi amene amaphunzitsa ana pa sukulu ya mmera mpoyamba popanda malipiro. Tasonkha kandalama kuti tiwathokoze. Ena akuti tichite phwando, tiitane akuluakulu, tiwapatse satifiketi. Mtima wanga sukukhutira. Titani?
Mlembi wa amayi, Makhanga

Mayi mlembi,
Mtima wanuwo ukunena zoona. Satifiketi ikapachikidwa pakhoma la nyumba ya kuchigwa, madzi akubwerawa adzaitenga pamodzi ndi khomalo. Musanagule kanthu, tumani amayi awiri akacheze ndi bamboyo, akaone bwato lakelo. Bwato limene lagundana ndi zipika za mitengo mu Ruo ndi Shire silikhala lamphumphu. Mwina likuchucha, mwina nkhafi zinathyoka. Kandalama kanuko kayambire pamenepo: mmisiri alimate, mugule nkhafi, chingwe cholimba, tochi ndi wezulo. Ikatsalako, jekete yoyandamitsa munthu pamadzi. Munthu ameneyu amapalasa pakati pa ng'ona ndi mvuu, ana ake akudikira kunyumba.

Ine ndinakulira ku Chikwawa, ndipo chimene chimandiwawa ndi ichi: anthu otere timawakumbukira madzi ali m'khosi basi. Mu Januwale 2015 zinali choncho, namondwe wa Idai mu 2019 chimodzimodzi, namondwe wa Ana mu 2022 chimodzimodzi. Freddy yekha anasiya anthu oposa 600,000 m'dziko muno alibe pokhala, ndipo ndege ndi maboti a asilikali zisanafike, amene anayamba kutola anthu m'mitengo ndi pa madenga anali eni mabwato a m'midzi. Koma chimanga chikafika pa msasa, mpulumutsi uja amaima pamzere kumapeto, nthawi zina dzina lake osapezeka n'komwe m'kaundula chifukwa polemba mayina iye anali pamadzi.

Ndiye chachiwiri, chosafuna ndalama: lembani kalata. Mulembemo zimene anachita, a gulupu adinde, ipite ku komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, ikwere ku komiti ya dera lonse la mfumu yaikulu mpaka ku ofesi ya DC. Nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA ndi a Red Cross amagwira ntchito kudzera m'makomiti amenewa. Maphunziro opulumutsa anthu pamadzi kapena zipangizo zikabwera, dzina lodziwika kale silivuta kulikumbukira. M'kalatamo musaiwale anyamata aja amayenda ndi chimkuzamawu kuchenjeza kuti mtsinje ukudzaza. Ena amawanyoza kuti akusokosa, pamene wakutsina khutu ndi mnansi.

Za mayi wa mmera mpoyamba, mphatso yake ndi nthawi. M'mawa wonse ali ndi ana anu, anzake ali ku dimba kubzala mbatata ndi chimanga madzi ataphwa. Gawanani masiku, mukamupalirire. Aliyense wa mwana pasukulupo abweretse kambale ka ufa wa phala ndi mtolo wa nkhuni, kuti asamatapenso m'nkhokwe mwake kudyetsa ana a eni. Chitenje mumugulire ndithu, ndani sakondwa ndi chitenje chatsopano? Koma chibwere pamwamba pa zinazo.

Phwando sindikuletsa, lingochepa. Thobwa, nyimbo za amayi, mawu a amfumu, zakwana. Chenjerani ndi andale. Mukawapatsa mpando wa kutsogolo, mudzaona nsalu za chipani zitadzaza bwalo, olankhula akuyamikirana okhaokha, bambo wa bwato atakhala padzuwa la Nsanje kudikira kuti atchulidwe. Awiriwo ndiwo akhale pa mipando, ndipo olankhula akhale amene anaolotsedwa ndi makolo a ana. Mutchulenso ena onse amene anathandiza, oloza njira, ophika pa msasa, ogawa klorini nthawi ya kolera, chifukwa kuyamika mmodzi yekha m'mudzi kumabala kaduka, mawa mudzamva kuti analandira ndalama za mabungwe.

Tsiku labwino ndi 5 Disembala, limene dziko lonse lapansi limakumbukira ogwira ntchito mongodzipereka. Kwanuko likukomera pawiri: mmisiri adzakhala ndi masabata angapo omalizira bwato mvula ya Januwale isanalimbe.
Azakhali