Taimutebo yanga ya pakatoni, ndi funso la mtsikana wa Fomu 3

Imelo yako ndaiwerenga katatu, mng'ono wanga. Ukuti uli Fomu 3, ndiwe pulifekiti, umasewera netibo, umaimba kwaya ya SCOM, bungwe la ophunzira achikhristu, ndipo taimutebo iliyonse imene walemba imasokonekera sabata isanathe. Bambo ako akuti usiye zonse, ugwire mabuku okha. Ndiye ukundifunsa ngati uwamvere.

Wandikumbutsa katoni yanga.

Ndili Fomu 4 pa sekondale ina yoyendera, ndinang'amba katoni ya sopo n'kujambulapo mizere ndi rula. 4 koloko m'mawa, Masamu. 5 koloko, kumjigo. Ndikaweruka, netibo. Usiku, Biology ndi tochi. Ndinaikhomera ndi msomali pamwamba pa mphasa yanga, ndipo tsiku likayenda monga inanenera, ndinkagona mtima uli m'malo. Koma masiku oterowo anali angati? Pamjigo pakhale mzere wa zigubu, ola lapita. M'mudzi mugwe zovuta, masiku awiri uli kusiwa, ukuphika ndi amayi. Mabatire athe, usiku wonse wapita. Choipa changa chinali chakuti ola limodzi likangophonyeka ndinkataya tsiku lonse, n'kumati lawonongeka kale, ndiyambiranso Lolemba. Malolemba amenewo anandidyera miyezi.

Kenako kunabwera 2020. Pa 23 March sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Tinkayesa ndi za milungu yochepa, koma ife a Fomu 4 tinabwerera m'kalasi mu September. MSCE tinayamba kulemba kumapeto kwa October, ndipo patangopita masiku ochepa, kumayambiriro kwa November, tinamva kuti mayeso abedwa, choncho athetsedwa. Mapepala amene tinali titalemba kale anapita pachabe. Tinakalembanso mu January 2021. Pakona ya katoni ija ndinali nditalemba tsiku la mayeso; ndinalifufuta mpaka pepala linabooka. Madzulo a tsiku limene anathetsa mayesowo ndinaitsitsa pakhoma, n'kukhala pakhonde osalankhula ndi munthu. Amayi anangondiikira nsima pambali.

Amene anandidzutsa anali atsikana a timu ya netibo. Nthawi yonse ya kutsekedwa kwa sukulu tinkakumana anayi pansi pa mtengo wa mango, wina wodziwa Masamu, wina Chingerezi, ine Biology. Panalibe belu, panalibe mizere ya rula. Wina akachedwa chifukwa watumidwa kuchigayo, tinkangoyamba ndi phunziro la amene wafika. Mayeso atathetsedwa ndi iwowo amene anabwera kwathu m'mawa mwake ndi makope m'manja.

Ndipo iwe umadziwa kale chimene ndikufuna kunena, chifukwa umachichita pabwalo. Ukagwira mpira suthamanga nawo, ndiponso suusunga kupitirira masekondi atatu. Amene unkafuna kum'patsira akatchingidwa, sukhala pansi n'kumalira kuti pulani yafa. Phazi limodzi limakhala pomwepo, linalo limazungulira, maso akusaka wina. Ine ndinkachita zimenezi Lachitatu lililonse kwa zaka zinayi, osazindikira kuti mabuku amafunanso zomwezo.

N'chifukwa chake mawu oti "siya zonse" amandipweteka. Bambo ako sakukuda, ndipo ndikhulupirira akutchulira mwambi uja wakuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mwambiwo ndi woona. Koma ndaona ndi maso anga anzathu amene anasiya mpira, kwaya ndi sewero, n'kudzitsekera m'nyumba ndi mabuku: pofika November uja ambiri anali opanda woti adandaule naye. Mwana amene wamulanda chokhacho chimene chimam'seketsa sawerenga maola ochuluka, amangokhala nthawi yaitali buku lili chitsegulire. Pamenepa sindisuntha.

Komanso tiyeni tinene zoona, inu makolo amene mumawerenga kuno. Mukamawerengera mtsikana zinthu zomudyera nthawi, mumayambira pa netibo. Bwanji simuyambira pa mbale, pa nkhuni, pa kubereka mwana wa azakhali? Mlongo wake ali Fomu 3 yemweyo amaweruka n'kupeza nsima yapsa, mtsikanayo ndi amene waiphika. Maola awiri a mpira pa sabata mumawaona, maola atatu a pamoto tsiku lililonse simuwaona. Ngati mukufunadi mapointi abwino, gawani ntchito za pakhomo.

China chimene ndimadana nacho ndi ulemu umene timapereka kwa kusagona. Wina amaviika mapazi m'beseni la madzi ozizira 2 koloko usiku kuti tulo tithawe, anzake n'kumamutama kuti ndi wolimbikira. Mawa lake aphunzitsi akufotokoza za mtima ndi mitsempha, iye mutu uli padesiki. Ndinayesako. Zimene ndinawerenga usiku umenewo m'mawa zinali zitauluka.

Tsono utani?

MSCE amawerengera maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, Chingerezi chili momwemo, ndipo magiredi amayambira 1 mpaka 9. Uwadziwe ako asanu ndi limodzi panopa, uli Fomu 3, ndipo Chingerezi usachiseweretse. Amenewo ndiwo phazi lako lokhala pansi. Leka kulemba maola. M'mawa uliwonse lemba zinthu zitatu zoti uzithe lero, monga mafunso khumi a Masamu kapena mutu umodzi wa Agriculture, n'kuzilowetsa paliponse pamene papezeka mpata. Loweruka masana usaikepo kanthu, ndi pogwera zotsala.

Pa chimodzi bambo akunena zoona: upulifekiti, netibo ndi kwaya pamodzi zachuluka. Chimodzi chipume teremu ino. Ndikanakhala ine ndikanapita kwa wotsogolera kwaya n'kupempha kuti ndiziimba pa mapemphero okha, osabwera ku mapulakatisi onse. Ukatero ukhale pansi ndi bambo, mwaulemu, lipoti la teremu yatha lili m'manja. Uwapemphe teremu imodzi yokha: magiredi akatsika, netibo uisiya wekha, akakwera, akulole. Ngati kuyankhula nawo kukukuvuta, udzere kwa amayi kapena kwa aphunzitsi a kalasi yako. Lipoti likatuluka undilembere, ndikufuna ndidziwe Masamu ayenda bwanji.